Seva imodzi, matenanti ambiri: cache isakhale ya wamphamvu yekha

Mukatumiza ndalama pa foni, mukatsegula Facebook kapena mukalembetsa zinazake pa intaneti, ntchito yaikulu sichitikira m'manja mwanumo ayi. Foni imangotumiza pempho, ndipo yankho limakonzedwa ndi kompyuta yamphamvu imene ili kutali, imene timaitcha seva. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ma seva ambiri masiku ano alibe bwana mmodzi. Seva imodzi imagawidwa n'kumaoneka ngati makompyuta khumi kapena kuposa, iliyonse ndi ntchito yake, mwinanso ndi mwini wake.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Kugawana seva n'kwanzeru, ndipo dziko ngati lathu silingachitire mwina. Koma mkati mwa purosesa muli kamalo kena kotchedwa cache, kamene nthawi zambiri kamangosiyidwa kuti aliyense alimbirane. Ine ndikuti kasasiyidwe choncho. Cache iyenera kuyezedwa ndi kugawidwa mwa lamulo, makamaka pamene sevayo yasenza zinthu za anthu monga ndalama, zachipatala ndi mayeso. Tiyeni ndikuonetseni chifukwa chake.

Poloti imodzi, zipinda zambiri

Amene mumakhala ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Zolozolo mukuzidziwa nyumba za lendi: poloti imodzi, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, aliyense chipinda chake ndi loko wake. Seva yogawana imafanana nazo. Chipinda chilichonse ndi virtual machine, mwachidule VM. Imeneyi ndi kompyuta yongoyerekeza, yopangidwa ndi pulogalamu, koma imene ili ndi Windows kapena Linux yakeyake ndipo imadziona ngati ili yokha. Landilodi wake ndi pulogalamu yotchedwa hypervisor. Ndi imene imanena kuti VM iyi itenge memori yochuluka chonchi, iyo igwiritse ntchito gawo ili la purosesa.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kampani ya IBM inali ndi ma VM kale cha m'ma 1967. Pulogalamu ya Xen idatuluka ku yunivesite ya Cambridge mu 2003, Amazon idayamba kubwereketsa ma VM kwa aliyense wolipira mu 2006, ndipo KVM idalowa mu Linux mu 2007.

Purosesa nayo ya masiku ano si ubongo umodzi. Ili ndi timaubongo tingapo totchedwa ma core, ndipo core iliyonse imatha kugwira ntchito yakeyake pa nthawi imodzi. Mafoni ambiri amene muli nawo ali ndi ma core 8, pamene purosesa ya seva imatha kukhala ndi 64 kapena kuposa. Ndiye landilodi uja amangoti: iwe tenga ma core anayi, iwe awiri. Mpaka apa zonse zikuoneka zachilungamo. Vuto lili kukhitchini.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Core imathamanga koopsa, koma memori yaikulu ya kompyuta, RAM, ndi yochedwa poyerekeza nayo. Kuti core isamangokhala n'kudikira, akatswiri adaika timemori ting'onoting'ono koma tachangu pa purosesa pomwepo. Imeneyo ndiye cache. Amaitchula ngati kashi wa ndalama, koma dzinali lidachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kubisa. Maurice Wilkes wa ku Cambridge adalemba za nzeruyi mu 1965.

Cache imakhala m'masitepe atatu. L1 ndi yaing'ono kwambiri, ma kilobyte 32 kapena 48 a deta pa core iliyonse, ndipo kutenga kanthu mmenemo ndi nanosekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Nanosekondi ndi kachidutswa kamodzi mukaigawa sekondi zidutswa 1,000,000,000. L2 ndi yokulirapo, yochedwerapo pang'ono, ndipo pa ma purosesa ambiri a seva core iliyonse ili ndi yake. L3 ndi yaikulu, ma megabyte ambirimbiri, koma ma core amagawana. Chinthu chikasowa monsemo, core imapita ku RAM, ulendo wa ma nanosekondi 80 mpaka 100.

Manambalawa akuoneka ngati opanda kanthu, eti? Tiyeni tiwakulitse. Tiyerekeze kuti kutenga kanthu mu L1 ndi sekondi imodzi. Ndiye kuti kupita ku RAM ndi mphindi imodzi ndi theka. Tangoganizani kuti mukulemba masamu, ndiye pa nambala iliyonse muziima mphindi imodzi ndi theka. Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsopano bwererani pa poloti paja. Tinene kuti matenanti onse amaphikira m'khitchini imodzi. Aliyense ali ndi mbaula yake, imeneyo ndiyo core. Mthiko umene uli m'manja ndi L1. Kabeseni kamene kali pambali pa mbaula yake ndi L2. Koma shelefu ya m'khitchinimo ndi imodzi, ya onse, ndipo imeneyo ndi L3. Chimene chasowa pa shelefu ukachitenge kuchipinda kwako, kumapeto kwa poloti.

Neba waphokoso

Shelefu ikadzadza, chiyenera kuchoka ndi chiti? Lamulo limene ma purosesa ambiri amatsata, mwa njira zosiyana pang'ono, ndi lakuti chichoke chimene chakhalitsa osakhudzidwa. Ukakhala wekha lamuloli ndi labwino. Mukakhala ambiri limakondera amene amabweretsa katundu pafupipafupi.

Tinene kuti tenanti wina amakazinga mandasi ogulitsa. Tsiku lonse akulowetsa mabeseni a ufa, kugwiritsa ntchito kamodzi, kubweretsa ena. Iye shelefu sikumuthandiza kwenikweni, chifukwa beseni lililonse amalikhudza kamodzi basi. Koma beseni lililonse likafika limakankha mchere, mafuta ndi chipande cha anzake. Mayi amene amafuna mchere wake kawirikawiri amapeza wachotsedwa, n'kuyamba ulendo wa kuchipinda. Palibe amene wathyola loko wa mnzake, palibe waba, koma nsima ya wina yachedwa.

Pa seva zimachitika chimodzimodzi. VM imene ikukopera mafayilo akuluakulu kapena kusintha mavidiyo imadutsitsa deta yambiri mu L3, m'timagawo ta ma byte 64, n'kukankha deta ya VM ina imene imayankha anthu. Akatswiri amaitcha VM yotereyi noisy neighbour, neba waphokoso.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti kupeza chinthu mu L3 ndi ma nanosekondi 20, kukachitenga ku RAM ndi 100. Ngati pa maulendo 100 chinthu chikupezeka maulendo 95, avereji yake ndi 0.95 × 20 kuphatikiza 0.05 × 100, yankho 24. Neba waphokoso akafika n'kutsitsa 95 uja kufika pa 60, avereji imakhala 0.6 × 20 kuphatikiza 0.4 × 100, yankho 52. Nthawi yodikira yawirikiza kawiri ndi kupitirira. Sikuti pulogalamu yonse ichedwa kawiri, poti zopempha zambiri zimathera mu L1 ndi L2. Koma pulogalamu imene imadalira L3 imamva ndithu. Ndipo chopweteka n'chakuti mwini VM akayang'ana amaona ma core ake onse alipo, memori yake yonse ilipo. Pa pepala sanamuchotsere kanthu.

Bwanji osangogula seva iliyonse payokha?

Wina anena kuti mankhwala ake ndi osavuta: ntchito iliyonse ikhale ndi seva yake, basi. Ine ndikukana, ndipo zifukwa zake zili konkuno kwathu.

Choyamba ndi ndalama. Ma seva sitipanga kuno, timagula kunja ndi madola, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Chachiwiri ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko lidataya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikukumbukira mdima wake. Ndiye onjezerani ichi: mu 2007 akatswiri awiri a ku Google, Luiz Barroso ndi Urs Hölzle, adaonetsa kuti ma seva nthawi zambiri ankagwira ntchito pakati pa 10 ndi 50 peresenti ya mphamvu zawo, ndipo seva ya nthawi imeneyo ikangokhala osachita kanthu inkadyabe pafupifupi theka la magetsi amene imadya ikatanganidwa. Seva yongokhala ili ngati minibasi ya ku Nkhata Bay imene yaima pa depoti injini ikulira, mulibe munthu.

N'chifukwa chake dziko lonse lapansi likusonkhanitsa ntchito pamalo amodzi. Microsoft idatsegula malo ake a ma seva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020. Kuno kwathu, mu Julaye 2022 boma lidatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, kuti ma sisitimu a boma azisungidwa malo amodzi. Imeneyi ndi njira yoyenera. Koma walira mvula walira matope. Mukasonkhanitsa ntchito zambiri pa makina ochepa, funso la shelefu lija limabwera lokha. Ntchito yokonza malipoti a pamwezi itha kudikira mpaka usiku. Namwino amene akufuna fayilo ya wodwala, kapena wophunzira amene akulembetsa zinthu tsiku lomaliza, sangadikire.

Kugawa mofanana nakonso si chilungamo

Ndiye tingoidula shelefu mofanana, aliyense kagawo kake? Apanso ndikukana. Mayi wa mandasi uja mukampatsa gawo lalikulu sapindula nalo. Wina amene ali paulendo gawo lake lingokhala lopanda kanthu, pamene wina akusowa poika mchere. Mu 2006 Moinuddin Qureshi ndi Yale Patt a ku University of Texas ku Austin adalongosola bwino mfundoyi: lamulo lakale limapatsa malo ambiri pulogalamu imene ikupempha kwambiri, osati imene ipindule kwambiri. Iwo adati purosesa iziyeza kuti pulogalamu iliyonse ingapindule bwanji itaonjezeredwa malo, kenaka igawe motsatira phindulo.

Lero zida zochitira zimenezi zilipo m'ma purosesa a seva. Intel idabweretsa njira yoyezera kuti ndani wadzadza L3 mu 2014, ndipo mu 2016 njira yogawira, yotchedwa Cache Allocation Technology, idafika pa ma purosesa a Xeon E5 v4. Linux idalandira chida choyendetsera zimenezi, resctrl, mu 2017. AMD ndi Arm nawonso ali ndi njira zawo zofanana nazo.

Kagwiridwe kake mungakamve ngakhale muli Fomu 3. Purosesa ya Xeon E5-2699 v4 ili ndi ma core 22 ndi L3 ya ma megabyte 55, yodulidwa mizere 20. Mzere uliwonse ndi 55 ÷ 20, ma megabyte 2.75. Woyang'anira seva amalemba nambala ya binary ya madijiti 20, pamene 1 akutanthauza kuti ungaike katundu mu mzere uwu, 0 akutanthauza ayi. Akapatsa VM yofunika 11111111000000000000, ndiye kuti yalandira mizere 8, ma megabyte 22. Ena onse akapatsidwa 00000000111111111111, agawana mizere 12 yotsalayo ndipo sangakankhe katundu wa VM yofunika ija. Binary imene mumaiona ngati yotopetsa mu Computer Studies ntchito yake ndi imeneyi.

Njira imene ine ndikuikonda ili ndi masitepe atatu. Yambani ndi kuyeza, chifukwa simungaweruze mlandu musanadziwe amene wadzadza shelefu. Kenaka ntchito zimene anthu akuzidikira zipatsidwe gawo lotsimikizika limene wina sangalande. Pomaliza, zotsalazo zigawane malo otsala, ndipo malire azisuntha malinga ndi nthawi, masana kwina, usiku kwina. Izi si maloto. Mu 2015 ofufuza a ku Stanford ndi ku Google adaonetsa sisitimu yotchedwa Heracles, imene inkagawa cache, ma core ndi zina mosinthasintha. Adakwanitsa kugwiritsa ntchito ma seva mpaka 90 peresenti popanda kuchedwetsa ntchito yofunika kupyola malire ake.

Shelefu imaululanso zinsinsi

Pali chifukwa china chimene chimandichititsa kulimbikira, ndipo n'choopsa kuposa kuchedwa. Tinene kuti tenanti wina wachidwi wadzadza shelefu yonse ndi timabotolo take, n'kutuluka. Pobwera akuona kuti timabotolo ta pamalo a mchere ndi a mafuta tachotsedwa, koma ta pamalo a shuga tilipo. Sanalowe m'chipinda cha mnzake, koma wadziwa kuti mnzakeyo waphika ndiwo, sanaphike tiyi. Akachita zimenezi kambirimbiri adziwa zambiri.

Pa kompyuta, wachidwiyo amayeza nthawi. Deta yake ikabwera msanga ndiye kuti inali mu cache, ikachedwa ndiye kuti neba waikankha. Mu 2009 ofufuza a ku University of California ku San Diego ndi a ku MIT adaonetsa kuti munthu ankatha kuika VM yake pa seva imodzi ndi VM imene akuifuna, pa makina obwereketsa a Amazon. Mu 2014 Yuval Yarom ndi Katrina Falkner a ku University of Adelaide adaonetsa njira yotchedwa Flush+Reload, imene idatha kutulutsa kiyi yachinsinsi ya pulogalamu ya GnuPG kudzera mu L3. Mu Januwale 2018 dziko lidamva za Meltdown ndi Spectre, mabowo a m'ma purosesa amene deta yake imatulukiranso mu cache.

Makampani adatseka mabowo ambiri mwa amenewa, ndipo kuba kotereku kumafuna ukatswiri waukulu, choncho musaope kugwiritsa ntchito foni yanu. Komanso kudula cache mizeremizere sikutseka njira zonse, kumangochepetsa. Zinsinsi zazikulu kwambiri zimafunika seva imene simukhala mlendo wosadziwika. Koma phunziro lake ndi lomveka: loko wa pachitseko sakwanira ngati khitchini ndi imodzi. Malawi ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2024. Lamulo limanena zoyenera kutetezedwa, koma kutetezako amachita ndi anthu amene akudziwa kumene deta imadonthera.

Kodi si nkhani ya anthu okhuta imeneyi?

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Bandulo ndi yodula, netiweki imagwa, magetsi amazima, masukulu ambiri alibe ndi labu ya makompyuta yomwe. Ndiye tizidandaula za ma nanosekondi? Mfundoyi ili ndi mutu ndithu. Tsamba likamachedwa kutseguka muli ku Mchengautuwa, nthawi zambiri vuto ndi netiweki, osati cache. Ndipo seva imene ili ndi ntchito zochepa siifunika kuidula cache, kuteroko kungathe kuichedwetsa kumene.

Koma taonani kusiyana kwake. Kukonza magetsi ndi kuyala mawaya a intaneti kumafuna ndalama zankhaninkhani ndi zaka. Kuyeza ndi kugawa cache pa seva imene ili kale ndi zida zake kumafuna munthu wodziwa, basi. Amene ali ndi ndalama zambiri akaona seva ikuchedwa amangogula ina. Ife amene tilibe tiyenera kufinya zimene tili nazo mpaka dontho lomaliza. Ndiye nzeru imeneyi ndi ya osauka kuposa olemera. Ndipo ngati sitikhala ndi anthu athu odziwa kufunsa mafunso amenewa, tizingosaina mapepala olembedwa ma core angati ndi memori yingati, osadziwa kuti shelefu tikugawana ndi ndani.

Yambani ndi kompyuta imene ili pafupi

Simufunika seva kuti muyambe. Mukapeza mpata pa kompyuta ya Windows, kusukulu kapena kwa achibale, tsegulani Task Manager, dinani Performance, kenaka CPU. Mmunsi muona chiwerengero cha ma core ndi kukula kwa L1, L2 ndi L3. Pa Linux lembani lscpu. Lembani manambalawo m'kope, muyerekeze ndi kukula kwa RAM. Kompyuta ya RAM ya ma gigabyte 8 ndi L3 ya ma megabyte 8 ili ndi shelefu yochepa nthawi pafupifupi 1,000 poyerekeza ndi chipinda. Mukaona zimenezo mumvetsa chifukwa chake pamakhala kulimbirana.

Ngati aphunzitsi alola, ikani VirtualBox, pulogalamu yaulere yopangira ma VM. Pangani awiri, yezani ndi wotchi nthawi imene ntchito ina ikutenga mu VM yoyamba, kenaka bwerezani pamene yachiwiri yatanganidwa. Mukaona kusiyana musathamangire kunena kuti ndi cache. Dzifunseni kuti n'chiyaninso chimene ma VM awiriwa akugawana: ma core, diski, njira yopita ku RAM. Mungayese bwanji kuti mudziwe cholakwa chenicheni? Sayansi imayambira pa funso limenelo.

Amene zakukomerani, limbikirani Masamu, Physics ndi Computer Studies. Mzuzu University, pa Luwinga pompa, imaphunzitsa ICT, ndipo maphunziro a makompyuta aliponso ku MUBAS, ku MUST ndi ku University of Malawi. Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni kapena m'malo a ma seva a boma. Tsiku limene adzakuuzeni kuti ikani sisitimu ya chipatala pa seva imodzi ndi ntchito zina khumi, musadzakane, chifukwa kugawana n'kofunika. Koma mudzafunse mafunso atatu: tikugawana L3 ndi ndani, ndani akuyeza, ndipo gawo lotsimikizika la odwala ndi mizere ingati?